Magetsi azima, nyama yasungunuka: muibwezere mufiriji kapena ayi?

Amene amachita malonda a nyama ya ng'ombe ku Chambe, ku Likhubula mpaka pa Chitakale amadziwa kuti bizinesi imeneyi imayendera limodzi ndi magetsi. Akakhalapo, mwini butchala amagona tulo. Akazima madzulo n'kudzayaka mawa lake masana, mumamupeza m'mamawa atatsegula firiji, akudina nyama ndi chala, kuinunkhiza, kenako n'kutseka akunena kuti ikadali bwinobwino.

Sabata yatha ndinaima pa kalesitilanti kena kuti ndidye nsima. Kuseri, pafupi ndi mbaula, panali beseni lili padzuwa, m'katimo muli chibuma cha nyama youndana chokwana mwina makilogalamu asanu. Mayi wophika ankabwera n'kudula mbali imene yafewa, kupita nayo mumphika, kudzabweranso patapita kanthawi. Cha m'ma 2 koloko chotsalacho anachinyamula n'kuchibwezera mufiriji kuti chidikire mawa. Mayiwa ndi aukhondo ndithu, mbale zawo zimawala, ndipo sakuona kuti akulakwitsa chilichonse. Ambiri timachita zomwezi, m'malonda ngakhalenso kunyumba. N'chifukwa chake lero mitengo ya pamsika tiyambe taiika pambali, tikambe za chibuma chimenechi.

Firiji siipha tizilombo toyambitsa matenda. Imangotigoneka tulo. Nyama ikalowa mufiriji ili ndi tizilombo, idzatulukanso nato, ndipo ikangoyamba kufunda timadzuka n'kupitiriza pomwe tinalekezera. Bungwe la World Health Organization limanena kuti tizilomboti timaswana mofulumira chakudya chikakhala pakati pa madigiri 5 ndi madigiri 60. Kutentha kwa m'butchala, kwa pa benchi ndi kwa mujumbo yomangirira kumbuyo kwa kabaza kuli m'kati mwenimweni mwa mpata umenewu. Zinthu zikatiyendera bwino, tina timatha kuwirikiza kawiri pa mphindi 20 zilizonse. Inu ndinu anthu a masamu, tawerengani. Kamodzi kamakhala 8 pakatha ola limodzi, 64 pakatha maola awiri, kupitirira 4,000 pakatha maola anayi, ndipo pakatha maola 7 tapitirira 2 miliyoni. Katapira amachepa.

Chimene ambiri sitichiganizira n'chakuti maola amenewa amaphatikizana. Kuibwezera mufiriji sikufafaniza ngongole ya dzulo. Ng'ombe yaphedwa mbandakucha, nyama yakhala pa ngowe mpaka masana, yakwera minibasi kapena njinga, yafika kwa inu, mwaiika mufiriji madzulo. Mawa mwaitulutsa yakhala maola asanu padzuwa, mwaibwezera. Mkuja chimodzimodzi. Pofika tsiku lachitatu, kunja kwa chibumacho kwakhala pofunda kwa maola ochuluka zedi, ngakhale kuti pakati pake sipanasungunukepo n'kamodzi komwe. Mukachigwira chili gwa ngati mwala, mumaganiza kuti zonse zili bwino. Koma tizilombo timakhala kunjako, pamene mpeni, manja, chipika ndi ntchentche zinakhudza, ndipo kunjako n'kumene kumayamba kufunda.

Mphuno nayo tisaikhulupirire kwambiri. Tizilombo timene timanunkhitsa nyama n'kuichititsa kunanda ndi tina, timene timadwalitsa munthu ndi tinanso. Salmonella ndi E. coli zikhoza kudzaza pa nthuli yooneka bwino, yosanunkha ngakhale pang'ono. Nyama ikanunkha, n'zoona yaonongeka. Ikapanda kununkha, sizitanthauza kuti ndi yabwino.

Ntchito yaikulu ili pa tsiku loika mufiriji, osati tsiku lotulutsa. Mukaoda nyama, idulenitu m'magawo amene mumamaliza pa tsiku limodzi kapena pa mphika umodzi, theka la kilo, kilo imodzi, malinga ndi mmene malonda anu amayendera. Gawo lililonse likhale m'pepala lakelake la pulasitiki loyera, mutulutse mpweya, mulipanikize likhale lophwatalala ngati buku, mumange, mulembepo tsiku. Phukusi lophwatalala limaundana msanga ndipo limasungunukanso msanga. Mukatero simudzafunikanso kutulutsa makilogalamu asanu pofuna kilo imodzi. Vuto la mayi aja likanathera pomwepa, popanda kuonongapo ngakhale tambala.

Kuundana msanga kuli ndi phindu lina limene limaonekera pa sikelo. Nyama ikamaundana pang'onopang'ono, madzi a m'kati mwake amapanga timiyala ta ayisi tikulutikulu timene timaboola minofu. Ikadzasungunuka, madzi ofiira aja amatsikira m'beseni. Madzi amenewo munawagula pa mtengo wa nyama, ndipo kasitomala sadzakulipirani. Mukaundanitsa kachiwiri, kachitatu, amatuluka ena, nyama n'kukhala yothetheka ndi yolimba ikaphikidwa. Amene mukukayika yesani nokha: pimani phukusi musanaliike mufiriji, mudzalipimenso litasungunuka, kenako mudzapime lina limene lalowa n'kutuluka katatu. Pa chifukwa chomwechi, musaunjike mwendo wonse wa ng'ombe ukadali wofunda mufiriji yaing'ono nthawi imodzi. Makina amalephera kukoka, pakati pa mulu pamakhala pofunda mpaka mawa, ndipo nyama yakale imene inali kale mmenemo imayamba kufewa. Yalani maphukusi motalikirana, akauma muwasanjikize.

Firiji yoikamo nyama ya masiku ambiri iyenera kufika madigiri 18 kunsi kwa ziro. Pamenepo nthuli zikuluzikulu zokulungidwa bwino zimasunga kukoma kwake kwa miyezi inayi mpaka chaka, nyama yogaya miyezi itatu kapena inayi. Koma zimenezo ndi za firiji yosazima. Kwathu kuno ndingakulangizeni kuti katundu aziyenda, woyamba kulowa akhale woyamba kutuluka, ndipo zam'kati monga chiwindi, mapapo, nthumbwana ndi matumbo, pamodzi ndi nyama yogaya, zizikhala patsogolo pa mzere chifukwa sizichedwa kuonongeka.

Tsopano za magetsi. Tonse tikukumbukira mmene zinalili mvula ya namondwe Ana itaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, magetsi n'kumazima maola ambirimbiri tsiku lililonse kwa chaka ndi miyezi. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa mapolo ndi kudula misewu kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe. Wogulitsa nyama ayenera kukhala wokonzeka nthawi zonse, pakuti nyengo ya mvula ikafika mtengo umodzi wogwera pa waya ndi wokwanira.

Unduna wa zaulimi wa ku United States umapereka ziwerengero izi: firiji youmitsa ikakhala yodzaza ndipo osaitsegula, imasunga kuzizira pafupifupi maola 48, ikakhala theka, maola 24, firiji wamba yongoziziritsa, maola anayi okha. Ine ndikuti mu Okutobala, m'kashopu ka malata kopanda siling'i, muziwerengera ochepera pamenepo. Mawu aakulu apa ndi akuti yodzaza komanso osaitsegula. Ngati nyama ndi yochepa, dzazani mpata wotsalawo ndi mabotolo a madzi aziundana magetsi akadalipo. Akazima, mabotolowo ndi amene adzagwire ntchito. Firiji ikhale pamthunzi, ndipo magetsi akazima mukhoza kuifunditsa bulangete, bola mukumbukire kulichotsa akayaka kuti makina asatenthe.

Nanga mudziwa bwanji zimene zachitika usiku inu muli m'tulo, magetsi atazima n'kuyakanso? Nyama yosungunuka n'kuundananso yokha imaoneka ngati sinasungunukepo. Pali kanzeru kosafuna ndalama. Ikani madzi m'kapu, aundane, muike ndalama yachitsulo pamwamba pa ayisiyo, musiye kapuyo mufiriji. Mukadzapeza ndalama ili pamwamba, sizinasungunuke. Mukaipeza yamira pansi pa kapu ayisi ali pamwamba pake, dziwani kuti firiji inafunda kwa nthawi yaitali. Si muyeso weniweni, koma ndi mboni yabwino kuposa chala. Chizindikiro china ndi magazi oundana pansi pa firiji kapena m'makona a mapepala.

Pali chizolowezi china chimene ndachiona m'malo ambiri: kuzimitsa firiji usiku kuti mayunitsi asathe, n'kuyatsa m'mawa. Ngati muli zakumwa zokhazokha, zili kwa inu. Ngati muli nyama, mukudzipangira nokha kuzima kwa magetsi tsiku ndi tsiku, ndipo tsiku limene adzazime enieni, nyama yanu idzakhala itayamba kale kufewa.

Chinanso chimene chimandidetsa nkhawa kuposa zonse ndi firiji imodzi yosungamo chilichonse: nyama pansi, pamwamba pake zibwente, thobwa, mabotolo a zakumwa. Ndikumvetsa, firiji ndi yodula, ndipo zibwente ndi zimene zimabweretsa ya mayunitsi. Koma firiji yogulitsiramo zakumwa imatsegulidwa kambirimbiri pa tsiku, choncho maola 48 aja iwalani. Kuonjezera apo, nyama ikayamba kusungunuka, madzi ake amayenderera pa mapepala a zibwente, ndipo mwana wa sukulu pepalalo amaliboola ndi mano. Nyama mudzaiphika, chibwente sichiphikidwa. Ngati simungathe kulekanitsa mafiriji, nyama ikhale m'chidebe chotseka bwino chosadontha, pansi penipeni.

Tibwerere ku funso lathu. Magetsi ayaka, mwatsegula, mutani? Ngati nyama ikadali ndi ayisi m'kati mwake, kapena ikuzizira ngati yochokera mufiriji, osapitirira madigiri 4 kapena 5, mukhoza kuiundanitsanso. Idzatsika kukoma ndi kulemera, koma siidwalitsa munthu chifukwa cha zimenezo. Ngati yasungunukiratu koma ikuzizirabe bwino, nzeru ndi kuiphika tsiku lomwelo. Ngati yafunda, ndipo yakhala choncho kupitirira maola awiri, kapena simukudziwa kuti yafunda liti, imeneyo si yogulitsanso ndipo si yopatsa ana kunyumba. Ndikudziwa kuti mawu amenewa ndi owawa kwa munthu amene mpamba wake wonse uli m'firijimo. Chimene chingakupulumutseni ndi kuganiza msanga. Mukaona kuti tsiku latha magetsi osabwera, musadikire nyama ifunde. Iphikeni, iwambeni pa moto monga ankachitira makolo, tsitsani mtengo igulidwe ikadali yabwino, kapena pitani nayo kwa mnzanu amene ali ndi jenereta kapena sola. Kugwirizana kotere kumafunika kukambiranatu kusanade.

Kusungunula koyenera kuli ndi njira zochepa. Yabwino koposa ndi ya m'firiji yongoziziritsa: tulutsani madzulo phukusi la mawa, muliike m'mbale pa shelefu ya pansi kuti lisadonthere zina. Chibuma chachikulu chimafuna tsiku lathunthu pa makilogalamu awiri aliwonse, pamene kaphukusi kophwatalala kamasungunuka usiku umodzi. Nyama yosungunuka mwa njira imeneyi ikhoza kudikira m'firijimo masiku atatu mpaka asanu ngati ndi nthuli, tsiku limodzi kapena awiri ngati ndi yogaya.

Ambiri a inu muli ndi firiji youmitsa yokha, choncho njira yanu ndi ya madzi ozizira. Nyama ikhale m'pepala losalowa madzi, muimize m'ndowa ya madzi ozizira aukhondo, muzisintha madziwo pa mphindi 30 zilizonse. Theka la kilo limasungunuka pa ola limodzi kapena kucheperapo, kilo ndi theka maola awiri kapena atatu. Madzi amafulumiza kuposa mpweya, ndiye amene mumaika padzuwa kuti zifulumire mukutaya nthawi pachabe. Yosungunula motere muiphike nthawi yomweyo, isabwererenso mufiriji ili yaiwisi. Madzi otentha ayi: amafunditsa kunja pakati pakadali mwala.

Njira yachitatu ambiri saikhulupirira, koma ndi yololedwa: kuphika isanasungunuke. Ngati munaduliratu nthuli zing'onozing'ono, ziponyeni mumphika zili choncho. Zimangotenga nthawi yotalikirapo, pafupifupi theka la nthawi ya masiku onse kuonjezera pamwamba. Izi zimayenda bwino pa nyama ya msuzi. Pa kanyenya ndi pa chiwaya m'pamene pali msampha, chifukwa moto waukali umapsereza kunja m'kati mukadali mozizira, kasitomala ali chiimire akukufulumizitsani. Nthuli zowotcha zisungunuke kaye bwinobwino ndipo zikhale zopyapyala.

Achimwene a pa chiwaya, mawu awiri okha. Mpeni ndi thabwa zodulira nyama yaiwisi zisakhudze kabichi, tomato ndi anyezi wa pa chipisi. Mbale imene munatengera nyama yaiwisi isalandire yakupsa isanatsukidwe ndi sopo. Madzi a m'beseni losungunulira atayidwe kutali, osati kutsukira manja. Nthawi zambiri munthu akadwala atadya pa chiwaya, timanamizira nyama pamene wolakwa ndi saladi amene anadulidwa pa thabwa la magazi.

Kupsa kwenikweni ndi madigiri 70 pakati pa nthuli. Pamenepo tizilombo tambiri tafa. Msuzi uwire ndithu, ndipo mukacheka nthuli yaikulu kwambiri, madzi ake akhale oyera, osati ofiirira. Nyama yogaya, imene mumaika m'masamusa, m'mapayi ndi m'masoseji, imafuna chisamaliro choposa. Pa nthuli yathunthu tizilombo timakhala kunja, kumene moto umafika poyamba. Makina ogayira amatenga za kunjazo n'kuzisakaniza paliponse. Mu 1993 ku United States anthu oposa 700 anadwala ndipo ana anayi anamwalira atadya mabaga osapsa bwino a m'malesitilanti a Jack in the Box, chifukwa cha kachilombo ka E. coli O157:H7, kamene kamakhala m'matumbo a ng'ombe ndipo kamatha kuononga impso za mwana. Ku dzikolo nyama yogaya amati ifike madigiri 71. Mtundu wokha sungakuuzeni, chifukwa nyama yogaya imatha kusintha mtundu isanafike pamenepo. Amene mumaphikira anthu ambiri, pa maukwati ndi pa misonkhano, kachipangizo kobaya m'nyama koyezera kutentha ndi kofunika kukhala nako monga mmene mulili ndi sikelo.

Wina anena kuti, nanga si ndiiwiritsa kwambiri, zonse zifa? Apa m'pamene ambiri amagwera. Kachilombo kotchedwa Staphylococcus aureus, kamene kamakhala pakhungu, m'mphuno ndi pa zilonda za m'manja mwa anthufe, kakaswana pa chakudya kamasiya poizoni amene satha ndi moto. Kachilomboko kamafa, poizoni n'kutsala, wodya n'kuyamba kusanza patangopita maola ochepa. Kena, Clostridium perfringens, kamadzitsekera m'kachikamba kolimba kamene kamapirira kuwira, ndipo kamadzuka mphika waukulu wa nyama ukamazizira pang'onopang'ono pambali pa mbaula. Mphika wophika 10 koloko m'mawa n'kumapakulidwa uli wofunda mpaka madzulo ndiwo nyumba yake. Chophika chikhale pa makala chikutentha ndithu, kupitirira madigiri 60, kufikira chitatha. Chikachoka pamoto chisapitirire maola awiri chili pamtunda, ndipo kunja kukatentha kupitirira madigiri 32, ola limodzi. Chotsala chigawidwe m'mbale zosaya kuti chizizire msanga, chilowe mufiriji, mawa chitenthetsedwe mpaka kuwira, kamodzi kokha.

Kunena chilungamo, chilipo chimodzi chimene kuzizira kumapha. Nthawi zina m'minofu ya ng'ombe, makamaka ya m'masaya, ya lilime ndi ya mtima, mumapezeka timatuza toyera tonga njere za mpunga, timene munthu akadya tosapsa timasanduka njoka ya m'mimba yaitali yophwatalala. Oyeza nyama amadziwa kuti kuisunga pa madigiri 10 kunsi kwa ziro kwa masiku 10 kumapha timatuzati. Koma chigamulo chimenecho ndi cha alangizi a ziweto amene amayeza nyama n'kudinda chidindo, osati cha inu ndi firiji yanu yozimazima. Pooda nyama, kaya ng'ombeyo yachokera ku Chigwa cha Shire, ku Ngabu kapena ku Nchalo, kaya ndi ya m'mudzi momwemo, funsani chidindo.

Ndipo ilipo nyama imene firiji ngakhale moto sizingaikonze: ya ng'ombe yofa yokha. Imabwera usiku, mtengo wake wokoma, wogulitsa ali pachangu. Matenda a anthrax, amene anapha mvuu zambiri ku Liwonde National Park kumapeto kwa 2018 ndiponso anadwalitsa anthu mazanamazana ku Zambia mu 2023, amagwira munthu ngakhale posenda chikopa ndi podula nyama, isanafike n'komwe pamoto. Ikafika pakhomo panu yotere, ikanizeni, ndipo dziwitsani alangizi a ziweto.

Amene mumagulitsanso polony ndi masoseji odyeratu osaphika, kumbukirani za ku South Africa mu 2017 ndi 2018, pamene kachilombo ka Listeria kanadwalitsa anthu oposa 1,000 ndi kupha oposa 200, mpaka katundu wotereyu anachotsedwa m'mashopu kuno ku Malawi. Kameneka kamatha kuswana ngakhale mufiriji yongoziziritsa, ndipo kamavutitsa kwambiri amayi oyembekezera ndi makanda. Firiji izitsukidwa, ndipo zodyeratu zisagundane ndi nyama yaiwisi.

Tiike pa ndalama, poti ndiyo nkhani ya tsamba lino. Tiyerekeze kuti kilo mwagula pa K12,000 ndipo mwatulutsa makilogalamu asanu padzuwa pofuna awiri. Atatu otsalawo ndi K36,000 imene mwaiika pachiswe popanda chifukwa, pamene mapepala ogawira sangakwane n'komwe mtengo wa theka la kilo. Ndiye pali chimene sichilembedwa m'kope. Ku Chambe anthu amadziwana. Banja limodzi likagona ku chipatala litadya kanyenya wa pa benchi lanu, pofika tsiku la msika nkhani yafika kale ku Likhubula, ndipo otsogolera alendo okwera phiri sadzabweretsanso anthu awo pamalo panu. A zaumoyo nawo sachedwa kutseka malo zinthu zikavuta. Nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ogulitsa zakudya zophikaphika ndi amene anayamba kumva kuwawa.

Nyengo ya Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano imagwa m'kati mwa mvula ndi kutentha, ndipo ndi nthawi imene ambiri mumaoda nyama yochuluka kuopa kukwera kwa mitengo. Musanapereke ndalama kwa wakupha ng'ombe, yang'anani kukula kwa firiji yanu, muone ngati mphira wa pa chitseko chake akugwirabe bwino. Tsekerani kapepala pa chitsekocho n'kukakoka. Kakatuluka mosavuta, mphirayo watha ndipo kuzizira kukuthawira pamenepo. Mabotolo a madzi aja ayambe kuundana sabata imodzi nyama isanafike.